Musanamuuze za mumtima, mufunseni kaye anaphunzira kuti

Opereka uphungu achuluka m'tauni muno. Tsegulani Facebook kapena TikTok madzulo ano, simutha mphindi zisanu musanakumane ndi wina amene akudzitchula therapist, wina life coach, wina mindset mentor, aliyense ali ndi chithunzi cha suti komanso nambala ya WhatsApp pansi pake. Zaka zapitazo mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Area 25 amene maganizo amulemera ankadziwa njira ziwiri basi: kwa abusa kapena ku Zomba, ndipo yachiwiriyo ankaiopa poti anthu amuti wachita misala. Lero tayamba kukamba poyera za nkhawa, za kusowa tulo, za dipuresheni. Zimenezi n'zabwino ndipo ine sindikufuna tibwerere m'mbuyo. Koma funso lasintha. Kale linali loti ndipite kuti, pano ndi loti ndipite kwa ndani, ndipo kulakwitsa pamenepa kumapweteka kuposa kutaya ndalama.

Ndikunena choncho chifukwa munthu amene wadzikakamiza miyezi yambiri kuti alimbe mtima n'kukauza mlendo zimene sanauzepo ngakhale mayi ake, akakalandiridwa moipa sapitanso kwina. Amabwerera kunyumba n'kunena kuti zauphunguzi n'zabodza, n'zachizungu. Ndiye mwayi wake watha pamenepo, mwina kwa zaka.

Tiyambe ndi mayina, poti apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Psychiatrist ndi dokotala weniweni amene atamaliza maphunziro a udokotala anapitiriza kuphunzira za matenda a m'maganizo okha, ndipo ali ndi mphamvu yolemba mankhwala. Anthu amenewa m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ngakhale sukulu ya ukachenjede ya KUHeS ikuphunzitsa ena. Mukapita kuchipatala cha boma, kawirikawiri amene mukakumane naye ndi clinical officer kapena namwino amene anaphunzira mwapadera za matendawa. Musawaderere. Ndi iwowa amene anyamula ntchitoyi m'dziko muno kwa zaka zambiri, ndipo aona odwala ambiri kuposa aliyense amene ali ndi ofesi yokongola ku City Centre. Clinical psychologist salemba mankhwala, amathandiza pokambirana nanu motsatira njira zimene anaphunzira pamwamba pa digiri yoyamba. Digiri yoyamba ya psychology payokha siyimusandutsa munthu kukhala wochiza, monga momwe kuphunzira biology sikumusandutsa munthu dokotala. Kenako pali counsellor, amene pa Chichewa timangoti phungu, koma osati wa ku Nyumba ya Malamulo uja. Koleji ya St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa anthu uphungu woterewu kwa zaka. Palinso ena amene anangochita maphunziro a masabata ochepa, monga a uphungu wa poyezetsa magazi, amene ntchito yawo amaidziwa bwino koma si yomweyi.

Life coach ndiye nkhani ina. Dzinali aliyense atha kudzipatsa mawa m'mawa. Ngati vuto lanu ndi loti mukulephera kusankha pakati pa bizinesi ndi sukulu, mwina akuthandizani. Ngati simukugona, simukudya, mukulira popanda chifukwa kapena mukuganiza zoti bola kufa, ameneyo si munthu wanu, olo atakhala ndi omutsatira 50,000.

Ndiye funsani. Ife Amalawi tinaleredwa kuti kufunsa munthu wamkulu mapepala ake ndi mwano, koma apa chotsani manyazi. Munaphunzira kuti? Munaphunzira chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji? Munalembetsa ku bungwe liti? Madokotala ndi ma clinical officer amalembetsa ku Medical Council of Malawi, anamwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo opereka uphungu ali ndi bungwe lawo la Malawi Association of Counselling. Munthu wodziwa ntchito yake mafunso amenewa samukwiyitsa, amayankha mosavuta. Amene wayamba kukuuzani zoti iye ndi mphatso yobadwa nayo, kapena kuti mapepala alibe ntchito bola mtima, mwayankhidwa kale.

Komabe mapepala si zonse. Munthu atha kukhala ndi masters ya kunja koma inu n'kumatuluka m'chipinda chake mukumva ngati munali pa intavyu ya ntchito. Ofufuza za uphungu akhala akupeza mobwerezabwereza kuti kugwirizana kwa wothandizidwa ndi womuthandiza kumakhudza kwambiri zotsatira, kaya njira imene akugwiritsa ntchito ndi iti. Ndipo kwa ife kugwirizanaku kumayambira pa chilankhulo.

Taganizani. Ambiri a ife tikakhala pa ofesi timayankhula Chizungu, koma ululu timaumva m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao. Sitinena kuti tili ndi anxiety. Timati mtima ukuthamanga, mutu ukungolemera, thupi langofooka, ndikuganiza kwambiri. Mukakakamizika kumasulira zimenezi m'Chizungu kuti muoneke ophunzira, theka la nkhani limatsala m'njira. Anzathu a ku Zimbabwe anaona zimenezi kalekale. Dokotala wa matenda a m'maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare, kumene agogo ophunzitsidwa bwino amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumathandiza anthu pa vuto limene m'Chishona amati kufungisisa, komwe ndi kuganiza kwambiri komwe timanena kuno. Kafukufuku wawo amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti kukumana kasanu ndi kamodzi kokha kunachepetsa zizindikiro za matendawa kwa anthu ambiri. Chimene ndikutolapo ine n'chakuti agogowo anali ndi zinthu ziwiri pamodzi, maphunziro ndi chilankhulo cha wodwala. Kuno kwathu Pulofesa Chiwoza Bandawe wakhala akulemba kwa nthawi yaitali zoti psychology iyenera kumangidwa pa umunthu wathu. Choncho ngati mukufuna kulira m'Chichewa, pezani munthu amene angamve kulirako m'Chichewa.

Chimodzimodzi za moyo umene tikukhala. Ukauza munthu kuti malipiro ako akudyetsa makomo atatu, ukulipirira fizi ang'ono ako awiri komanso mankhwala a agogo kumudzi, iye n'kungokuyankha kuti phunzira kukana, ndiye kuti sanakumve. Kukana kulipo, eya, koma kukana kwa mwana woyamba wa m'banja la Chimalawi kuli ndi mtengo wake, ndipo phungu wabwino amayamba waumvetsa mtengowo. Ngati vuto lanu ndi kandege kamene kakudya ndalama ya lendi, kapena ngongole ya katapila, kapena mowa ndi chamba, funsani ngati anathandizapo anthu a vuto lotero. Si aliyense amadziwa zonse. A St John of God, ku Mzuzu ndi ku Area 43 ku Lilongwe, amadziwika pa nkhani yothandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Nkhani ya chinsinsi ndiye imandidetsa nkhawa kuposa zonse. Timati Lilongwe ndi mzinda, Blantyre ndi mzinda, koma tonse tikudziwa kuti ndi midzi ikuluikulu. Amene mwamuuza lero kuti munachotsa mimba, kapena kuti amalume anu anakugwiririrani muli mwana, mwina amapemphera tchalitchi chimodzi ndi azakhali anu. Pa tsiku loyamba, phungu weniweni amayamba yekha kukufotokozerani za chinsinsi: kuti zimene mukambirane zithera momwemo, zolemba zake amasunga pati, ndiponso nthawi imene angakakamizike kuuza wina, monga pamene moyo wanu kapena wa munthu wina uli pangozi, kapena mwana akuzunzidwa. Akapanda kuyamba yekha, yambitsani inu. Ndipo musanapite n'komwe, yang'anani zimene amalemba pa intaneti. Ngati amakonda kuika nkhani za anthu amene anawathandiza, olo atabisa dzina, kapena kuika zithunzi za mauthenga awo othokoza pa status, dziwani kuti mawa nkhani yake ndi yanu. M'tauni yaing'ono chonchi kubisa dzina sikubisa munthu.

Malire enanso ndi osavuta kuwaona. Wokuthandizani sakufunsirani, sakuitanirani kumalo ogona alendo kapena kumowa, sakubwerekani ndalama, sakugulitsani mankhwala azitsamba ochepetsa thupi. Atsikana makamaka, wina akayamba kukutumizirani mauthenga a usiku oti wakusowani, kumeneko kulibenso chithandizo.

Za chipembedzo ndinene mosamala, chifukwa ambiri a ife, ine ndemwe, tinakulira m'mapemphero. Sindikuona chifukwa choti munthu asankhe pakati pa kupemphera ndi kulandira chithandizo. Abusa ndi mashehe ambiri amatonthoza anthu bwino kwambiri, ena mpaka amawatumiza okha kuchipatala. Amene ndikumukana ndi uja wouza wodwala kuti ataye mankhwala chifukwa wamasulidwa. Mankhwala ngati fluoxetine kapena amitriptyline amatenga masabata angapo kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kutha kubweretsa mavuto ena kapena kubwezeretsa matenda. Wosintha mankhwala ndi amene anawalemba. Mbali inayi, phungu amene amaseka chikhulupiriro chanu, kapena kukuonani ngati mbuli chifukwa mwatchula zoti kwanu akuganiza kuti munalodzedwa, nayenso sakuyenerani. Sakuyenera kuvomereza za ufitizo, koma ayenera kumvetsa kuti mantha amene muli nawo ndi enieni.

Tsopano ndalama, poti wina akuwerenga izi pa bandulo ya K200 ndipo akuti zonsezi n'za anthu a ku Area 10 ndi ku Namiwawa. N'zoona kuti uphungu wa m'zipatala zolipira ndi wodula, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense akuwerengera kawiri. Koma m'zipatala za boma chithandizo n'chaulere. Ku Queens ku Blantyre kuli kiliniki ya matenda a m'maganizo imene anthu amapita n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo, ndipo zipatala za maboma zili ndi ogwira ntchito za matendawa. Mzere ndi wautali, nthawi yokambirana ndi yochepa, nthawi zina mankhwala amasowa, zimenezo sindibisa. Komabe pali phindu lina loyambira kuchipatala: kufooka, kuthamanga mtima ndi kusowa tulo nthawi zina zimachokera ku matenda a m'thupi monga kuchepa kwa magazi kapena vuto la chithokomiro, zimene life coach sangaziyeze.

Ngati mwasankha kolipira, kambiranani za mtengo musanayambe, ndipo funsani kuti mudzakumana kangati. Uphungu si jakisoni wa tsiku limodzi. Njira yodziwika ya CBT, imene imathandiza munthu kuona mmene maganizo ake, mmene akumvera ndi zochita zake zimakokerana, imafuna kukumana kangapo, kawirikawiri sabata iliyonse kwa miyezi ingapo. Bola munthu wotsika mtengo amene mungakwanitse kumuona kasanu ndi katatu kusiyana ndi wotchuka amene mudzamuona kamodzi n'kusowa. Werengeraninso minibasi ndi kabaza. Wokhala ku Bangwe amene wasankha phungu wa ku Chileka adzajomba sabata yachitatu. Amene muli pa MASM kapena inshulansi ina ya kuntchito, imbani mufunse ngati amalipira zimenezi. Za pa foni zimathandiza, koma ganizirani kaye ngati m'nyumba ya chipinda chimodzi imene mukukhala anthu anayi muli pamalo poti mungayankhule momasuka.

Tsiku loyamba yembekezerani mafunso ambiri: mukugona bwanji, mukudya, mumamwa mowa wochuluka bwanji, munaganizapo zodzipha. Funso lomalizali lisakudzidzimutseni, wodziwa ntchito amafunsa mosazungulira, ndipo kufunsa sikumuika munthu maganizo amenewo. Ena amagwiritsa ntchito mafunso asanu ndi anayi otchedwa PHQ-9, amene alipo m'Chichewa. Mukakumana katatu kapena kanayi, dzifunseni: kodi amandimvetsera kapena amangolalikira? Tagwirizana chimene tikufuna kusintha? Kutuluka muli wolemedwa chifukwa mwakhudza bala lakale si chizindikiro choipa, zimachitika. Kutuluka mukumva kunyozedwa ndi nkhani ina. Mukatero muli ndi ufulu womuuza, ndipo ngati sizikusintha, pitani kwa wina. Simunamange naye ukwati.

Zonse ndanenazi n'za munthu amene ali ndi nthawi yosankha. Ngati inu kapena mnzanu wafika poganiza zodzipha, wayamba kumva mawu amene ena sakumva, kapena watha masiku osagona akuyankhula zosamveka, musayambe kufufuza pa Facebook. Pitani naye kuchipatala chapafupi lero lomwe, kaya ku Queens, ku Kamuzu Central kapena ku health centre ya kwanuko, ndipo musamusiye yekha. Ana ndi achinyamata athanso kuimba mwaulere pa 116. Anyamata anzanga, malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndiye zoti mwamuna salira zija zatidyera anthu okwanira.

Pomwe ndikuona kuti boma ndi mabungwe akutilakwira ndi apa: ntchito yonse yosiyanitsa katswiri ndi wachinyengo aisiya m'manja mwa munthu wodwala, amene mwina kudzuka pabedi kokha kukumuvuta. Dziko lino linayendera lamulo la atsamunda la 1948 pa nkhani ya matenda a m'maganizo kwa zaka zoposa 70, mpaka Nyumba ya Malamulo inavomereza latsopano mu 2025. Lamulo lili apo, tsopano tikufuna chinthu chogwirika. Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo, Medical Council ndi bungwe la opereka uphungu kuti agwirizane pa mndandanda umodzi umene wachinyamata angaupeze pa foni yake mosavuta, wokhala ndi dzina, maphunziro, dera limene munthuyo amapezeka, zilankhulo zimene amayankhula, komanso nambala yokadandaulako ngati waphwanya chinsinsi. Ngati timatha kuona zotsatira za MANEB pa foni, izinso n'zotheka.