Kalata ya Abusa a ku Thekerani: Asilikali Asatisankhire Mtsogoleri



 Ife abusa anu a mipingo ya kuno ku Thekerani takulemberani chifukwa cha mawu amene akumveka pamsika, pa siteji ya kabaza ndi m'mizere ya othyola tiyi, akuti: “Bola asilikali angolanda boma.” Achinyamata athu akuonera pa foni akuluakulu a nkhondo a ku Mali, Burkina Faso ndi Niger, n'kumasirira.

Sitikudzudzula mkwiyo wanu. Feteleza wakwera, malo olima ngochepa pamene minda ya tiyi yadzaza mapiri, matenda a chisaka anatha nthochi zimene zinkaphunzitsa ana athu, ndipo mabala a namondwe Freddy wa mu 2023 sanapole. Atsogoleri amene amabwera ndi nsalu pa kampeni, kenaka n'kusowa zaka zisanu, ndi amene akubzala maganizo amenewa, ndipo adzayankha kwa Mulungu. Komabe tikunena mosabisa: kulanda boma losankhidwa ndi anthu pogwiritsa ntchito mfuti n'kulakwa, ngakhale bomalo litatikhumudwitsa chotani.

Taonani mbiri yathu. Mu 1994 Amalawi anachotsa Kamuzu Banda ndi voti. Mu 2014 anachotsa Joyce Banda, mu 2020 Peter Mutharika, mu 2025 Lazarus Chakwera. Mayi wothyola tiyi, ndi chala chake choviikidwa mu inki, watsitsa apulezidenti anayi ali pampando. Nanga mkulu wa asilikali akalephera kutsitsa mtengo wa chimanga, mayiyu adzamuchotsa ndi chiyani? Ku Burkina Faso asilikali analanda boma kawiri m'chaka chimodzi cha 2022, ndipo mu 2024 anadziwonjezera zaka zisanu. Ku Harare anthu anavina m'misewu mu Novembala 2017 asilikali atakakamiza Robert Mugabe kutula pansi udindo. Pa 1 Ogasiti 2018 asilikali anawombera m'misewu yomweyo, anthu 6 n'kufa. Buku loyamba la Mafumu limasimba za Zimiri, mkulu wa magaleta amene anapha mfumu yake: analamulira masiku 7 okha, mkulu wina wa nkhondo n'kumuzinga.

Ena mwa inu mudzafunsa kuti, nanga voti ikabedwa? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo dziko lino linakumana nalo. Zotsatira zina za chisankho cha mu Meyi 2019 zinafufutidwa ndi Tipp-Ex. Anthu anayenda m'misewu miyezi yambiri, ndipo asilikali, pansi pa General Vincent Nundwe, anateteza ochita zionetsero ndi oweruza omwe, osakhudza mpando. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linathetsa chisankhocho, ndipo pa 23 Juni tinavotanso. Njirayi inali yaitali ndi yowawa, koma mphamvu inatsala m'manja mwa ovota.

Ife a ku Thyolo tili ndi chifukwa china chokumbukira. Mwana wa boma lino, Bingu wa Mutharika, atamwalira pa 5 Epulo 2012, dziko linakhala masiku awiri lili njenjenje. General Henry Odillo anaima pa malamulo a dziko, ndipo pa 7 Epulo wachiwiri kwa pulezidenti, Joyce Banda, analumbiritsidwa popanda kukhetsa magazi. Ambiri kuno zinawapweteka mtima poona chipani cha Bingu chikuchoka m'boma, tikudziwa. Koma lamulo lomwelo ndi limene linatsegula njira kuti chipanicho chibwerere ndi voti mu 2014. Agogo athu a m'mbali mwa Ruo, amene analandira othawa nkhondo ya ku Mozambique, angakuuzeni zimene zimachitika mfuti ikayamba kuweruza milandu ya ndale.

Choncho tikupempha mafumu, akulu a mpingo, amayi a zigwirizano ndi achinyamata: itanani phungu ndi khansala wanu, muwafunse pamaso za msewu, mankhwala ndi ndalama za chitukuko. Kanani ndalama zogulira voti. Musafalitse pa WhatsApp mauthenga oitana asilikali. Ndipo inu ana athu amene muli ku Cobbe, Kamuzu ndi Moyale Barracks, wina akadzakutumani kuloza mfuti kwa anthu osanyamula zida kapena ku nyumba ya boma, mudzakane.

Kalatayi iwerengedwe m'mapemphero a Sabata ndi Lamulungu, ndipo ikambidwe m'miphakati ndi m'milaga.

Ambuye akusungeni.

Ife abusa anu,
Thekerani, Thyolo