Mtima Wodzikayikira Ndiwo Mdani wa Chitukuko

M'chaka cha 2021 Boma linakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063, ndipo pa zinthu zisanu ndi ziwiri zoyenera kuchirikiza masomphenyawo, choyamba kutchulidwa ndicho kusintha kaganizidwe. Ena anaseka, nati maganizo sadyedwa. Ife tikuti anafulumira kuseka.

Takumbukirani za Bambo Legson Kayira. M'chaka cha 1958, ali mnyamata wochokera ku sukulu ya Livingstonia, ananyamuka kwawo kumpoto kwa Nyasaland wapansi, alibe nsapato, kukafuna maphunziro ku America. Pa malaya awo panalembedwa mawu a sukulu yawo, otanthauza kuti "ndidzayesa". Anagwira maganyu m'njira kuti apeze chakudya. Atafika ku Kampala analowa m'nyumba yowerengeramo mabuku, napezamo dzina la Skagit Valley College, nalemba kalata yopempha malo. Anawalandira. Anapitirira mpaka ku Khartoum, ndipo mu 1960 anafika ku America. Pambuyo pake anaphunziranso ku Cambridge, nakhala mlembi wa mabuku wodziwika.

Tsono onani bwino. Bambo Kayira sanakhale pansi pa mtengo kulota za America. Maganizo abwino amene tikunena pano si kudzinamiza kuti mavuto kulibe ayi. Ndi chizolowezi chofunsa kuti, "Nanga lero ndingachitepo chiyani?" m'malo monena kuti, "Kuno kwathu sizingatheke." Munthu akatsiriza kantchito kamodzi mtima umalimba, ndipo mtima wolimbawo umamtuma ku ntchito yokulirapo. Pajatu pang'onopang'ono ndi mtolo.

Inu aphunzitsi, nkhaniyi ili m'manja mwanu koposa onse. Mwana amene mwamutcha mbuli pamaso pa anzake adzasenza dzinalo kufikira ukulu wake, ndipo sadzakwezanso mkono m'kalasi. Mukamachonga kope lake, yambani mwamuonetsa chimene wakhoza, kenaka chimene walakwa, ndi njira yokonzera. Tidziwa kuti ana ndi ochuluka ndipo mabuku ndi ochepa. Koma mawu olimbikitsa sagulidwa ndi ndalama.

Inunso antchito a Boma, dziyeseni. Kalaliki amene m'mawa uliwonse ayamba ndi kudandaula kuti ndalama kulibe, galimoto kulibe, adzaweruka madzulo mafayilo ali chiunjikire. Sankhani ntchito imodzi yotheka, muitsirize dzuwa lisanapendeke. Ndipo inu akuluakulu a maofesi, musamnyoze wamng'ono akabwera ndi nzeru yatsopano, pakuti mukamtseka pakamwa kamodzi sadzayankhulanso, ndipo wotaya ndi dziko.

Zoonadi maganizo okha samanga mlatho, ndipo Boma liyenera kupereka zipangizo ndi malipiro pa nthawi yake. Koma simenti ndi zitsulo zikaperekedwa kwa anthu amene anagonja kale mumtima, mlathowo sudzaimanso. Chifukwa chake tiyeni tizolowere, ndi kuzoloweza ana athu, kuyesa tisananene kuti talephera.