Chuma cha Dziko Pambuyo pa Mliri wa COVID-19

Aliyense wokhala ku Chinyonga, pakati pa Blantyre ndi Limbe, aona ndi maso ake kuti maminibasi adzaza monga kale pa msewu wa Masauko Chipembere, ana apita kusukulu opanda zophimba pakamwa, ndipo msika wa Limbe uyamba phokoso m'bandakucha. Kaamba ka ichi alipo ambiri amene anena kuti dziko linachira. Mawu amenewa ayenera kuyesedwa bwino, pakuti nthenda inathadi, koma chuma sichinabwerere pamene chinali.

Odwala oyamba anapezeka m'Malawi pa 2 April 2020, sukulu zitatsekedwa kale mwezi wa March. Boma linalamula kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 April, koma amalonda a ku Limbe ndi a m'matauni ena anatuluka m'misewu kukana, ndipo Bwalo Lalikulu linaletsa lamulolo lisanayambe kugwira ntchito. Anthu aja sanali osamva ayi. Mayi wogulitsa matimati adya madzulo chimene wagulitsa masana, tsono kumtsekera m'nyumba kunali kumuuza kuti asankhe pakati pa nthenda ndi njala. Mpake kuti pambuyo pake mabanja osauka a m'mizinda anapatsidwa K35,000 pa mwezi, ngakhale kuti ndalamazo zinachedwa kufika.

Chaka chimenecho chuma chinakula ndi gawo losafika limodzi pa 100, pamene anthu achuluka ndi magawo oposa awiri pa 100 chaka ndi chaka, ndiko kuti nsima inali yomweyo koma manja m'mbale anawonjezeka. Dziko lisanapume, namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, nkhondo ya ku Ukraine inakweza mtengo wa feteleza ndi mafuta, kolera inapha anthu oposa 1,700, ndipo mu March 2023 namondwe Freddy anagumula phiri la Soche nakwirira nyumba za ku Chilobwe.

Komabe sikoyenera kuti zovuta zonse ziikidwe pa mvula ndi pa nkhondo za kutali. Muzu wa nkhaniyi ndi wakuti dziko lino ligula zambiri kunja koposa zimene ligulitsa. Mafuta, feteleza, mankhwala ndi mapepala omwe zilipiridwa ndi madola, ndipo madolawo adza makamaka ndi fodya, mbewu yogulitsidwa miyezi yowerengeka pa chaka, pamodzi ndi tiyi ndi shuga. Madola akachepa, kwacha igwa. Pamene mliri unali kufika, dola imodzi inali kugulidwa ndi ndalama zosafika K750. Mu May 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi magawo 44, kufikira dola inaikidwa pa K1,700. Mphunzitsi ndi kalaliki wa Boma sasowa wowamasulira manambala amenewa, chifukwa malipiro awo anakwera pa pepala pamene sopo, mafuta ophikira ndi ndalama ya basi zinakwera kopambana. Mgwirizano wa madola pafupifupi 175 miliyoni umene bungwe la IMF linavomereza mu November 2023 unatha mu May 2025, ndalama zambiri zisanabwere.

Pali nkhani ina yowawa imene antchito a Boma sayenera kuiiwala, popeza ikhudza iwo eni. Mu January 2021 mliri unakula kotero kuti nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo m'zipatala mpweya wothandizira odwala kupuma unali kuperewera. Miyezi yomweyo owerengera chuma cha Boma anafufuza K6.2 biliyoni zimene zinaperekedwa kulimbana ndi mliri, napeza kuti zina zinapita ku malawansi osayenera ndi ku katundu wogulidwa mosatsata malamulo. Ndalama zotere sizituluka popanda dzanja losayina. Panali wolemba pepala la ulendo, panali wovomereza, panalinso wolandira envulopu pa msonkhano umene sanakhalepo kufikira kumapeto, ndipo ambiri a iwo anali anthu ophunzira bwino, odziwa chimene anali kuchita.

Nduna ndi akuluakulu a Banki Yaikulu ali ndi ntchito yawo, ya kupeza zogulitsa kunja zoonjezera pa fodya ndi kuchepetsa ngongole zimene chiwongoladzanja chake chidya gawo lalikulu la msonkho. Koma mabungwe akunja amene dziko liwapempha chithandizo ayamba awerenga mabuku a ndalama asanatsegule thumba, ndipo mabukuwo alembedwa ndi makalaliki ndi akaundula a m'maofesi, ambiri a iwo okhala m'nyumba za lendi ku Chinyonga, ku Chitawira ndi ku Kanjedza.