Zitosi za abakha zisathere m'chitsime

Mlimi aliyense woweta abakha akudziwa kuti zitosi zake zimabiriwiritsa mpiru ndi chimanga. Mtengo wa feteleza ukakwera, n'zomveka kuti ambiri amathamangira manyowa amenewa. Koma ife tikuti manyowa a abakha othiridwa mosayeza, pa nthawi yolakwika, ndi chuma chotayika ndipo angathe kuipitsa madzi amene ana athu amamwa.

Chakudya chenicheni m'zitosimu ndi naitirojeni, yemwe uja timagula m'thumba la urea. Zitosi zikalowa m'nthaka yofunda ndi yachinyezi, tizilombo tosaoneka ndi maso timasandutsa naitirojeniyo kukhala mchere wotchedwa naitireti. Mbewu zimaukonda mcherewu, koma vuto lake sugwirana ndi dothi. Mvula yamphamvu ikagwa mizu isanakule, mcherewo umatsika ndi madzi kupitirira pofika mizu, makamaka m'nthaka yamchenga. Komanso bakha amamwa madzi ambiri, choncho zitosi zake zimakhala zamadzimadzi kuposa za nkhuku ndipo sizichedwa kukokoloka.

Anzathu m'maiko ena adaziona kale izi. Ku America, pa chilumba cha Long Island, kudali mafamu ambiri a abakha m'mbali mwa timitsinje tothira m'nyanja. M'zaka za m'ma 1950 akatswiri adapeza kuti zitosi zochokera m'mafamuwo zidachulukitsa ndere ku Moriches Bay ndi Great South Bay, madzi nkusanduka obiriwira, ndipo asodzi a nkhono zam'nyanja adalira nawo.

Ku Ulaya nako, maiko a bungwe limene lero ndi European Union adagwirizana lamulo m'chaka cha 1991. M'madera amene madzi ali pachiopsezo, manyowa a ziweto sayenera kupitirira makilogalamu 170 a naitirojeni pa hekitala imodzi pachaka. Thumba la urea la makilogalamu 50 limakhala ndi makilogalamu 23 a naitirojeni, ndiye malirewo ndi ofanana ndi matumba 7 ndi kachigawo. Lamuloli limaletsanso kuthira manyowa m'nyengo imene mbewu sizingawagwiritse ntchito.

Wina anganene kuti izi n'za eni mafamu akuluakulu, osati munthu wa abakha khumi. N'zoona kuti minda yambiri kuno kwathu ikusowa chonde, siikusefukira nacho. Koma taonani pamene timathira zitosizi: pa kadimba kakang'ono kudambo, pamene madzi ali pafupi ndipo chitsime chili poteropo. Mulu wa zitosi wosiyidwa pamtetete dzinja lonse umadontheza mchere wake pamalo amodzi. Bungwe la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 50 a naitireti pa lita imodzi, chifukwa mcherewu umalepheretsa magazi a khanda kunyamula mpweya wabwino. Kuwiritsa madzi sikuuchotsa ayi.

Izi sizikutanthauza kuti titaye abakha. Ku Japan, mlimi wina wotchuka, Takao Furuno, adayamba mu 1988 kulowetsa anapiye a abakha m'munda wa mpunga. Abakhawo amadya udzu ndi tizilombo, nkumasiya zitosi pang'onopang'ono mpunga uli mkati mokula. Phunziro lake n'lakuti chakudya chifike pamene pali mizu yochilandira.

Tsono alimi anzathu, folerani khola ndipo muziyalamo udzu wouma, utuchi kapena mankhusu a mpunga kuti aziyamwa madzi a zitosi. Zimenezi muunjike pamthunzi, muzifundike kuti ziwolerane kukhala kompositi, kutali ndi chitsime kapena mtsinje. Pothira m'munda, thirani pafupi ndi nthawi yobzala ndi kukwirira ndi dothi. Panthaka yamchenga gawani kawiri, china pobzala china mbewu zitakula. Kudimba musathirire madzi mpaka kudikha mutangothira manyowa.

Alangizi a zaulimi nawonso asamangolalikira zopanga manyowa. Azifotokozanso muyezo wake, nthawi yake ndi malo osungira. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. Naitirojeni wotsikira pansi sabwereranso ku chimanga chanu, ndipo amakakudikirani kuchitsime.