Njanji ya ku Churchill: sitima ya katundu kapena ya anthu?

Kumpoto kwa dziko la Canada, m'chigawo cha Manitoba, kuli tauni yaing'ono yotchedwa Churchill, m'mphepete mwa nyanja ya Hudson Bay. Muli anthu osakwana 1,000 ndipo kulibe msewu wofika kumeneko. Wofuna kupitako amakwera ndege kapena sitima ya pamtunda, imene imanyamuka mu mzinda wa Winnipeg kawiri pa sabata ndi kuyenda makilomita pafupifupi 1,700 kwa masiku awiri. Tauniyi ndi likulunso la dayosizi ya Churchill-Hudson Bay. M'chaka cha 2025 dzina la Churchill lidamveka kwambiri pakamwa pa akuluakulu a boma la Canada, ndipo n'chifukwa chake taona kuti n'koyenera kuti tisanthule mbiri ya njanjiyi. Funso limene mbiri imeneyi ikutifunsa ndi lakuti: kodi njanji imakhalapo chifukwa cha katundu kapena chifukwa cha anthu?

Tiyambe ndi ulendo weniweniwo. Sitima ikachoka ku Winnipeg imadutsa m'minda ikuluikulu ya tirigu, kenaka nkulowa m'nkhalango zowirira ndi m'madambo, nkudzera ku The Pas, Thompson ndi Gillam. Kupitirira Gillam mitengo imayamba kufupika ndi kuchepa mpaka potsiriza pamangotsala chigwa chopanda kanthu chimene chimakutidwa ndi chipale chofewa miyezi yambiri pa chaka. Alendo ochokera m'maiko akutali amakwera sitimayi kuti akaone zimbalangondo zoyera mu Okutobala ndi Novembala, kapena anamgumi oyera m'nyengo yotentha. Koma m'mabogi omwewo mumakhalanso anthu ena amene sali pa ulendo wokaona malo. Awa ndi anthu a m'midzi monga Thicket Portage, Pikwitonei ndi Ilford, ambiri a iwo a mtundu wa Cree, eni nthaka a dzikolo. Midzi yawo ilibe msewu wodutsika chaka chonse. Sitimayi ndiyo imawatengera ku chipatala ndi ku sitolo ku Thompson, ndiyonso imawabweretsera ufa, mafuta ndi zipangizo zomangira nyumba.

Komabe amene adamanga njanjiyi sadaimangire anthu amenewa. Alimi a tirigu a kumadzulo kwa Canada ankafuna njira yaifupi yotumizira mbewu zawo ku Ulaya, ndipo boma lidawamvera. Ntchito idayamba nkhondo yoyamba ya dziko lonse isadabuke, idaima chifukwa cha nkhondoyo, ndipo njanji idafika ku Churchill m'chaka cha 1929. Sitima za pamadzi zidayamba kunyamula tirigu pa doko la kumeneko m'chaka cha 1931. Kuyambira pachiyambi panali mavuto awiri. Loyamba ndi lakuti nyanjayo imaundana, kotero doko limagwira ntchito miyezi itatu kapena inayi yokha pa chaka. Lachiwiri ndi lakuti mbali yakumpoto ya njanji idayalidwa pa dambo limene pansi pake ndi nthaka youndana. Nthakayo ikasungunuka njanji imatitimira ndi kupindika, ndipo sitima imayenera kuyenda pang'onopang'ono. Masiku ano pamene nyengo ikutenthera, vutoli likukulirakulira.

M'chaka cha 1997 kampani ya Canadian National idagulitsa njanjiyi kwa kampani ya ku America yotchedwa OmniTRAX, imene idatenganso doko. Malonda ankayendako chifukwa bungwe la Canadian Wheat Board, limene linali ndi mphamvu yogulitsa lokha tirigu wa alimi a kumadzulo, linkatumiza gawo la tiriguyo kudzera ku Churchill. M'chaka cha 2012 boma lidachotsa mphamvu imeneyo. Makampani ogula mbewu adasankha madoko awoawo, tirigu wodzera kumpoto adachepa, ndipo m'chaka cha 2016 OmniTRAX idatseka doko nkuchotsa anthu ntchito.

Mu Meyi 2017 madzi osefukira adakokolola njanji m'malo ambiri pakati pa Gillam ndi Churchill. Kampani idakana kukonza ponena kuti ntchitoyo ifuna ndalama zambiri kuposa zimene njanji ingabweze. Boma la Canada lidati kukonza ndi udindo wa kampani, mpaka lidakaisumira kubwalo la milandu. Pamene akuluakulu ankalozana zala, anthu a ku Churchill adakhala pafupifupi miyezi 18 opanda sitima. Chakudya chinkabwera pa ndege ndipo mitengo yake idakwera kwambiri. Gasi wotenthetsera nyumba m'nyengo yozizira adachita kubwera naye pa sitima ya pamadzi. Ngakhale sitima ya anthu imene idatsekeredwa m'tauniyo adachita kuikweza pa sitima ya pamadzi kuti ibwerere kummwera. Mabanja ena adasamuka.

Apa m'pamene tikuona phata la nkhani. Sitikunena kuti eni kampani adanama pa masamu awo. Njanji yodutsa m'dambo, yotumikira midzi ya anthu ochepa, singapindulitse munthu wofuna phindu lokha. Cholakwa chidachitika kale, pamene boma lidapereka njira yokhayo ya anthu m'manja mwa munthu amene angathe kuisiya tsiku limene masamu asintha. Wamalonda wa ku Denver njanji ikaduka amataya ndalama. Mayi wa ku Churchill amataya njira yotsika mtengo yopitira ku chipatala chachikulu ndi yobweretsera chakudya cha ana ake. Zotayika ziwirizi sizilingana, ndipo n'chifukwa chake woyenera kukhala ndi mawu otsiriza pa njanji yotere ndi amene moyo wake wadalira njanjiyo.

Zimene zidatsatira zikutsimikiza mfundo imeneyi. Kumapeto kwa Ogasiti 2018 gulu la Arctic Gateway Group lidagula njanji ndi doko, mothandizidwa ndi madola 117 miliyoni a boma la Canada. M'gululi munali makampani awiri pamodzi ndi mitundu ya eni nthaka ndi midzi ya m'mbali mwa njanji. Ntchito imene idakanika kwa chaka choposa chimodzi idatheka m'miyezi iwiri, ndipo sitima ya anthu idafikanso ku Churchill mu Disembala chaka chomwecho. M'chaka cha 2021 makampani aja adatuluka, ndipo njanji yonse idakhala ya mgwirizano wotchedwa OneNorth, wa mitundu ndi midzi 41. Sikadali koyamba. M'chaka cha 2005 mitundu ya Innu ndi Naskapi idayamba kuyendetsa sitima ya Tshiuetin yopita ku Schefferville m'chigawo cha Quebec, mgodi wa chitsulo wa kumeneko utatsekedwa kale. M'chaka cha 2006 mitundu itatu ya ku Manitoba idagula njanji yopita ku Pukatawagan. Konseku katundu atatha, amene adatola njanji ndi anthu amene poyamba sankawerengedwa.

Ena anganene kuti eni atsopanowa akuyenda ndi ndalama za boma, ndipo ndi zoona. M'chaka cha 2022 boma la Canada ndi la Manitoba adalonjeza madola oposa 147 miliyoni okonzera njanjiyi, ndipo sitima ya anthu ya kampani ya boma ya VIA Rail imayenda motaya ndalama. Koma ife tikufunsa: kodi msewu wa tala wopita ku mudzi wina uliwonse umabweza ndalama zimene adaumangira? Palibe amene amafunsa zotero, chifukwa msewu ndi udindo wa boma kwa nzika zake. Kumene kulibe msewu, njanji ndiyo msewu.

Tsopano mphepo yatembenuka. M'chaka cha 2024 doko la Churchill lidatumiza kunja miyala ya zinki. M'chaka cha 2025, dziko la America litakweza misonkho pa katundu wa ku Canada, nduna yaikulu Mark Carney ndi mtsogoleri wa Manitoba Wab Kinew adayamba kulankhula zokulitsa dokoli kuti Canada ikhale ndi khomo lina lopitira ku Ulaya. Nkhaniyi ndi yabwino, pakuti katundu ndiye angabweretse ndalama zokonzera njanji ndi ntchito za achinyamata. Koma akulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tirigu adabwera nkupita, ndipo miyala nayonso idzatha kapena kutsika mtengo. Ntchito yaikulu yotere idzafuna ndalama zimene midzi 41 ilibe, ndipo wobweretsa ndalama adzafuna gawo la umwini.

Choncho muyeso woyezera malonjezo atsopanowa ndi wosavuta. Tidzaona ngati eni nthaka adzakhalabe ndi mawu otsiriza, ndiponso ngati sitima ya anthu idzapitiriza kuima pa Pikwitonei ndi pa Ilford ngakhale sitima za miyala zitachuluka. Zikadzatero tidzadziwa kuti phunziro la chaka cha 2017 lidamveka.