Mafumukazi a tsabola a ku San Antonio

Zaka za m'ma 1880, dzuwa likangolowa mumzinda wa San Antonio ku Texas, amayi ankafika pabwalo la Military Plaza ndi ngolo zodzaza matebulo, mabenchi, miphika ndi nkhuni. Ankasonkha moto, n'kuyatsa nyali, fungo n'kuyamba kuitana anthu. Mumphika munkakhala chili con carne, nyama ya ng'ombe yoduladula yowiritsidwa nthawi yaitali ndi tsabola wouma, yodyera nyemba ndi timikate topyapyala ta chimanga totchedwa tortilla.

Ambiri mwa amayiwa anali ochokera m'mabanja a Chimexico, ndipo anthu anawapatsa dzina loti Chili Queens, kutanthauza mafumukazi a tsabola. Ufumu wake unali wa usiku wokha. Kukamacha ankapasula zonse kuti bwalo libwerere kwa ogulitsa masamba.

Njanji itafika mumzindawu mu 1877, alendo anachuluka, ndipo wobwera ku San Antonio osadya pabwalopo ankangokhala ngati sanafike. Pabenchi limodzi pankakhala msilikali, woweta ng'ombe ndi bwana wa jekete, onse akutuluka thukuta ndi tsabola yemweyo. Alembi otchuka Stephen Crane ndi O. Henry anatchulapo za malowa m'zolemba zawo. Lydia Mendoza, amene anadzakhala katswiri wa nyimbo za Chitejano (za anthu a Chimexico a ku Texas), ankaimba ali mtsikana pakati pa matebulo amenewa pabwalo lina lotchedwa Plaza del Zacate, odya n'kumamuponyera timakobiri.

Koma akuluakulu a mzinda ankawakonda amayiwa pokopa alendo pokha. Atayamba kumanga likulu la khonsolo pa Military Plaza cha m'ma 1889, anawasamutsa, ndipo kuchokera apo anangokhala osamukasamuka, lero Alamo Plaza, mawa Haymarket. Mu 1937 a zaumoyo analamula kuti azitsata malamulo a ukhondo ofanana ndi a malesitilanti. Mayi wophikira panja akanaupeza kuti mpopi ndi chimbudzi? Malonda anatsekedwa.

Sindikunena kuti nkhani ya ukhondo inali yabodza ayi. Mbale zotsukidwa m'ndowa imodzi usiku wonse zimadwalitsa, kaya wophikayo ndi mfumukazi. Chondinyansa n'chakuti njira ina inalipo, ndipo inaonekera. Meya Maury Maverick anawabwezeretsa mu 1939, atakonza zoti pakhale malo otsukira mbale ndi matenti otchinga ntchentche. Sizinakhalitse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, anawatsekeranso, ulendo uno mpaka kalekale.

Ndiye taonani amene anadyerera. William Gebhardt, Mjeremani wa m'tauni yoyandikana ya New Braunfels, anayamba kupera tsabola n'kumagulitsa ufa wake m'ma 1890. Kampani yake inasamukira ku San Antonio komweko, kenako n'kuyamba kuika chili m'zitini zopita m'masitolo a dziko lonse. Munthuyu sanabe kanthu, anangochangamuka. Komabe dzina lake linasindikizidwa pachitini, pomwe amayi ambiri amene anatchukitsa ndiwoyi ngakhale maina awo sanasungidwe.

Mu 1977 nyumba ya malamulo ya Texas inalengeza kuti chili ndicho chakudya choimira chigawocho. Apa n'kuti patapita zaka zoposa 30 mayi womaliza atazimitsa moto wake pabwalo.