Pangano la Alendo pa Dziko la Eni

Mlendo aliyense wofika pa boma la Nkhotakota amamuonetsa mtengo wa mkuyu umene mbiri imati David Livingstone anakhala patsinde pake pokambirana ndi Jumbe za kuipa kwa malonda a akapolo. Ana a sukulu amaloweza kuti mzunguyu anafika kumeneko mu 1861 nabweranso mu 1863, ndi kuti mu 1889 Harry Johnston anachita pangano ndi Jumbe, mtendere nudza. Nkhaniyi imakoma m'khutu, komatu ili ndi chilema chachikulu: eni dziko samvekamo. Kodi Achewa a m'mphepete mwa nyanja anali kuti pamene dziko lawo linali kukambidwa? Pangano la 1889 silinali la mlendo ndi mwini mudzi. Linali pangano la alendo awiri ogwirizana za munda wa munthu wina, ndipo ndi kulakwa kuliphunzitsa ngati chinthu chonyaditsa.

Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anali Mswahili wochokera ku gombe la kum'mawa kwa Afirika, ndipo anafika cha m'ma 1840. Iye sanapeze thengo lopanda anthu. Anapeza Achewa a mfumu Malenga Chanzi, amene anamulandira monga amalandirira mlendo aliyense wamalonda. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mame awa sanakamuke. Jumbe anali ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, ndipo pamene nkhondo za Angoni zinavuta, anthu ambiri anathawira kwa iye. Pang'onopang'ono wopempha malo uja anasanduka wolamula, zombo zake za matanga zikuolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kutsidya kwa nyanja pa ulendo wa ku Kilwa. N'zoona kuti a Jumbe anakuza ulimi wa mpunga, nabweretsa Chisilamu ndi luso lokhoma zombo. Koma kukhala ndi mfuti zambiri si kukhala mwini nthaka.

Johnston sanali wosazindikira zimenezi. Chimene iye anafuna chinali chikalata choti aonetse Apwitikizi ndi Ajeremani, amene nawonso anali kulimbirana dziko lozungulira nyanja. Motero sanafufuze mwini weniweni. Anafufuza munthu wamphamvu wokhoza kusayina. Anamupeza mwa Tawakali Sudi, Jumbe wachitatu, amene analandira mbendera ya Angerezi ndi malipiro a chaka ndi chaka. Mu 1891 dziko lonse linalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain. Mu 1893 asilikali a boma latsopanoli anathandiza Jumbe kugonjetsa Chiwaura, nduna yake yomuukira. Ubwenzi unaoneka ngati wakhwima. Koma Tawakali Sudi atamwalira mu 1894, wolowa m'malo mwake, Mwinyi Kheiri, sanakhalitse pa mpando: anamuchotsa namutumiza ku Zanzibar. Ufumu wa a Jumbe unathera pomwepo. Kodi ulamuliro unabwerera kwa eni ake? Ayi. Unapita kwa bwana wa pa boma, ndipo pambuyo pake panadza msonkho wa nyumba.

Wina angaganize kuti izi zinangochitika mwangozi. Kuti aone kuti inali njira yozolowereka ya amphamvu, ayang'ane zimene zinagwera mitundu iwiri ya kummwera chakum'mawa kwa America, ya Cherokee ndi Creek, zaka zambiri Johnston asanabadwe. Anthu amenewa ankalima chimanga, ankakhala m'midzi ikuluikulu yokhala ndi mabwalo a milandu, ndipo mwana ankatsata mtundu wa mayi ake monga momwe zilili pakati pa Achewa. Nawonso anayamba ndi malonda, kusinthanitsa zikopa za agwape ndi mfuti ndi nsalu. Azungu osaka minda atachuluka, boma la America linachita nawo mapangano odula malire: la Hopewell mu 1785 ndi Acherokee, la New York mu 1790 ndi Acreek. Malire aliwonse ankatchedwa omaliza. Koma atsamunda ankawadumpha, n'kumanga nyumba ndi kuswa mphanje, ndipo boma m'malo mowabweza linkaitanitsa pangano lina losunthira malirewo kutsogolo.

Pali zinthu ziwiri zofanana ndi za ku Nkhotakota. Choyamba ndi malipiro a bwenzi la wamphamvu. Mu 1814, pa nkhondo ya ku Horseshoe Bend, Acherokee ndi Acreek ena anathandiza mkulu wa asilikali Andrew Jackson kugonjetsa Acreek okana atsamunda. Chaka chomwecho, pa pangano la Fort Jackson, iye analanda maekala pafupifupi 23 miliyoni, osasiyanitsa malo a adani ndi a abwenzi. Ndipo Jackson yemweyo atakhala pulezidenti, ndiye anasayina lamulo la 1830 losamutsa mitundu imeneyi kupita kutsidya kwa mtsinje wa Mississippi. Bwenzi limasungidwa pokhapo pamene likufunika, monga anadzaonera a Jumbe.

Chachiwiri ndi luso lopeza dzanja losayina. Mu 1825 mfumu ina ya Acreek, William McIntosh, inasayina pangano la Indian Springs lopereka malo popanda chilolezo cha bwalo la mtundu wake. Bwalolo linamuweruza kuti aphedwe, naphedwadi. Panganolo linathetsedwa, koma malowo anapitabe ndi mapangano otsatira. Acherokee anayesa njira ina. Sequoyah anawapangira zilembo za chilankhulo chawo mu 1821, analemba malamulo oyendetsera dziko lawo mu 1827, nayambitsa nyuzipepala ya Cherokee Phoenix mu 1828. Mu 1832 khothi lalikulu la America linagamula kuti chigawo cha Georgia chinalibe mphamvu pa dziko lawo. Koma m'dzikolo munali mutapezeka golide, ndipo chigamulocho chinangotsala pa pepala. Mu 1835 kagulu kochepa, kosatumidwa ndi mtundu, kanasayina pangano la New Echota. Mfumu yaikulu John Ross ndi unyinji wa anthu anakana, koma boma linati chikalata chilipo. Mu 1838 asilikali anawatulutsa m'nyumba zawo, ndipo akuyerekeza kuti anthu pafupifupi 4,000 anafa m'misasa ndi pa ulendo wa ku dziko limene lero ndi Oklahoma. Ulendo umenewu umatchedwa Njira ya Misozi.

Oikira kumbuyo pangano la Johnston ali ndi mfundo ziwiri. Yoyamba imati panganolo linathetsa ukapolo. Palibe munthu wanzeru angalire chifukwa cha kutha kwa malonda onyansawo, amene anapasula midzi yosawerengeka. Koma wopulumutsa mnzake ku ng'ona satenga bwato lake kukhala malipiro. Ngati cholinga chinali kumasula Achewa, n'chifukwa chiyani anapangana ndi wowagulitsa m'malo mopangana ndi iwo eni? Ndiponso chimene chinatseka njira za akapolo sichinali chikalata ayi, koma nkhondo, monga ija imene inagonjetsa Mlozi ku Karonga mu 1895.

Mfundo yachiwiri imati Achewa a ku Nkhotakota sanapirikitsidwe m'dziko lawo monga Acherokee. Zimenezo n'zoona, ndipo tsoka la mitundu iwiriyo linali lalikulu koposa. Komabe kusiyanako sikunachokere m'chilungamo cha panganolo. Kunyanja kunali kotentha ndi kwa malungo, kunalibe golide, ndipo azungu ofuna minda anali ochepa. Kumene nthaka inawakopa, ku mapiri a Blantyre, Thyolo, Mulanje ndi Zomba, malo aakulu anagulidwa kwa mafumu ndi nsalu ndi tizinthu tina, Johnston nawatsimikiza ndi zikalata kuyambira mu 1892. Eni malo anasanduka alendo pa nthaka ya makolo awo, nalipira ndi thangata, limene linali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Anthu a ku Nkhotakota anapulumuka chifukwa fisi sanamve njala ya malo awo pa nthawiyo.

Njala imeneyo ilipo tsopano. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 nzimbe zinadzaza chigwa cha Dwangwa. Madambo a mpunga akufunidwa. Gombe la nyanja likukopa omanga malo ogona alendo. Chitukuko sichoipa, koma chimadza ndi zikalata, ndipo chikalata chimafuna dzanja limodzi lokha. Malo a makolo si a mfumu yokha, kapena a malume okha, kapena a mwana wophunzira wokhala m'tauni. Ndi a mbumba yonse, pamodzi ndi ana osabadwa. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti oona za malo m'midzi kuti munthu mmodzi asamagamule yekha. Koma Acherokee nawonso anali ndi chigamulo cha khothi m'manja pamene asilikali ankagogoda pa zitseko. Lamulo lopanda anthu oliyang'anira lili ngati mpanda wopanda zichiri.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Wophunzira wa lero, amene mawa adzakhala mlembi wa mfumu, loya kapena phungu, ayenera kuzolowera kufunsa mafunso atatu pa chikalata chilichonse chokhudza malo: wasayina ndani, anamutuma ndani, ndipo ndani sanaitanidwe? Mkuyu wa pa Nkhotakota usungidwe ndithu, ndipo ana apitirize kupita kukauona. Koma mphunzitsi akatha kutchula mayina a alendo amene anakhala patsinde pake, awafotokozerenso anawo za eni dziko amene pangano la 1889 silinawafunse.